Kompitenti Mmodzi M'dziko Lonse

Kuseri kwa mapiri a Tionabe kuli dziko lotchedwa Kwanenedwa. Musavutike kulifuna pa mapu, chifukwa munthu amene anatumidwa kuti ajambule mapu ake anali msuweni wa nduna, ndipo mpaka lero akadali pa ulendo wokagula pensulo. M'dziko limeneli, chinthu chikanenedwa pabwalo la Mfumu ndiye kuti chachitika basi. Mvula ikakana, amalengeza kuti yagwa, anthu n'kubwerera kwawo atafunda maambulera, fumbi lili koboo.

Dzikoli linadulidwa pakati ndi mtsinje wa Samvera, umene sunamverepo lamulo la munthu chiyambire. Tsidya lino kuli likulu, bwalo la Mfumu ndi msika wa Tingoona. Tsidya linalo kuli minda, ndi anthu amene boma limawakumbukira likafuna ovina pa msonkhano. Cholumikiza mbali ziwirizi chinali bwato limodzi la mbawa, ndi mayi mmodzi wolipalasa, a Delifa Nachanza.

A Nachanza anayamba kugwira nkhafi akadali namwali, bambo awo msana utakana. Bwatolo anasema ndi bambo awo omwewo, ndipo zipsera za kasemasema zinkaonekabe m'kati mwake. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu mayiwa anawolotsa akwati, maliro, njinga ndi matumba a chimanga, osamiza ngakhale nkhuku. Panali mbuzi imodzi yokha, koma imeneyo inachita kudumpha yokha, ndipo mwini wake anavomera kuti inali ndi maganizo ake kuyambira kale. A Nachanza analibe mawu ambiri, koma ochepa amene anali nawo ankaluma, ndipo anthu ankawakonda choncho.

Mavuto anayamba pamene Mfumu Nditameni Wachiwiri inapita kumsonkhano wa mafumu kunja kwa dziko. Kumeneko mkulu wina wa tayi, amene mtima unali pa mgodi wa ku Kwanenedwa, anaimirira n'kuitamanda m'Chingerezi kwa mphindi makumi awiri. Mfumu sinamve zonse, koma kuwomba m'manja inakumva bwino, ndipo inabwerako mapewa atakwera. Itangofika inaitanitsa bwalo.

"Chinenero chathu chimatichepetsa," inatero Mfumu. "Mukati ine ndine wanzeru, liwu lomwelo mumanenanso nkhalamba yodziwa kutchera mbewa. Mukati waluso, mukunenanso wosoka nsapato. Koma tamvani ili: biriliyanti. Kodi wotchera mbewa angakhale biriliyanti?"

"Sangayerekeze, Mwini Dziko," anayankha a Vomerani, amene tsiku lomwelo anasankhidwa kukhala Nduna Yoona za Mawu Olemera.

Lamulo linatuluka dzuwa lisanalowe. Munthu aliyense wamkulu azivala pakhosi kachitsulo kolembedwa mawu atatu a Chingerezi: loyamba lonena za luso la manja ake, lachiwiri za khalidwe lake, lachitatu za mmene mutu wake umaweruzira zinthu. Nduna ina itafunsa ngati anthu awiri angagawane liwu limodzi, Mfumu inaiyang'ana moimvera chisoni.

"Atambala awiri salira m'khola limodzi. Ine ndikakhala waizi, iwenso waizi, ndiye anthu akafuna nzeru apite kwa yani?"

Choncho liwu lililonse labwino linakhala ndi mwini wake mmodzi, ngati munda. Mawu oipa okha ndiwo analoledwa kugawana, poti Mfumu inati anthu ake asaiwale mwambo wa makolo wodyera limodzi.

Kugawako kunayambira kumwamba, monga chimagawidwira chilichonse ku Kwanenedwa. Mfumu, pokhala ya khosi lonenepa, inatenga mawu makumi anayi. Nduna zinalimbirana otsalawo masiku atatu, mpaka ina inang'ambidwa jekete. Liwu lakuti onesiti, ndiye kuti wosaba ndi wosanama, linapita kwa Nduna ya za Chuma, imene inakhetsa misozi polilandira. Dilijenti, kutanthauza wakhama pa ntchito, linapita kwa nduna ina imene anachita kuidzutsa kuti isaine. Koma amene anadya ya mafuta ndi a Mwayiwanga, mlongo wake wa Mfumukazi. Iwowa anali asanagwirepo ntchito iliyonse chibadwire, kotero panalibe ntchito imene analepherapo, ndipo bwalo linaona kuti mbiri yoyera chonchi ndi yosowa. Anawapatsa kompitenti, wodziwa ntchito yake, rilayabo, wodalirika, ndi puludenti, woyamba waganiza asanachite chinthu. Atatu onsewo anakhomedwa pa kachitsulo kamodzi kowala.

Mawuwo pofika kumsika wa Tingoona anali atatsala madeya okhaokha. Anabwera nawo pa wilibala a Binisoni Pindani, mphunzitsi wopuma ntchito, amene bwalo linawagwira kuti akhale mlembi chifukwa ndiwo okha m'dziko lonse anali ndi buku lomasulira mawu a Chingerezi, lopanda chikuto. A Pindani anali munthu wofatsa, wamantha pang'ono, ndipo ankaitana mayina maso ali pansi.

"Ndiye mukuti onesiti alipo mmodzi yekha, aphunzitsi?" anafunsa mkulu wina wogulitsa nyemba, akutembenuza chitini chake choyezera.

"Mmodzi yekha, bambo."

"Zikomo kwambiri pondiuza. Ndakhala ndikudzivuta zaka zonsezi ndi ntchito ya eni ake."

Mkuluyo anatola mwala n'kuyamba kukhoma pansi pa chitinicho pang'onopang'ono, ndipo a Pindani anaitana dzina lotsatira.

A Nachanza tsiku limenelo anabwera kumsika kudzagula phula lomatira bwato. Atalandira kachitsulo kawo anakatembenuza uku ndi uku.

"Aphunzitsi, ine Chingerezi ndinachisiya pa moni. Tandiwerengerani."

A Pindani anatsokomola. Anali atakwera bwato la mayiwa zaka khumi ndi zisanu, m'mawa ndi madzulo, pamene ankaphunzitsa tsidya linalo, ndipo sananyowepo ngakhale sokosi.

"Loyambali ndi mediyoka, mayi."

"Ndiye kuti?"

"Ndiye kuti munthu woti ntchito amaigwira ndithu, koma mwa apo ndi apo. Wosalephera kwenikweni, wosakhozanso kwenikweni."

"Pitirizani."

"Lachiwiri ndi sitaboni. Wamakani, wosamva za anzake."

"Limenelo ndi langadi. Malemu amuna anga akanasainira. Lachitatu?"

"Rekilesi," anatero a Pindani motsitsa mawu. "Wochita zinthu mosasamala, woika moyo wa anthu pachiswe."

A Nachanza anayang'ananso kachitsulo kaja. Zinawapweteka, tisanamizane. Mediyoka akanameza, koma kuti iwo amaika anthu pachiswe? Iwo amene ankabweza ngakhale maliro padoko akaona kuti madzi sanadzuke bwino tsiku limenelo?

"Anandiyesa ndani, aphunzitsi? Ndani anabwera kudoko kudzaona mmene ndimapalasira?"

"Palibe, mayi. Timangotapa mu wilibala. Ine ndinayesa kukufunirani abwinoko, koma pansi pake pali oipa kuposa awa."

"Chabwino," anatero a Nachanza. "Chitsulo sichipalasa bwato." Anakakoloweka pakhosi, anatenga phula lawo n'kutsikira kudoko.

Koma apa mayiwa anadzinamiza. Sabata isanathe kunatuluka lamulo lachiwiri, lakuti ntchito izitsata mawu. Ntchito iliyonse yokhudza moyo wa anthu igwiridwe ndi munthu amene ali kompitenti, ndipo wa rekilesi asaiyandikire n'komwe. Popeza kompitenti analipo mmodzi m'dziko lonse, a Mwayiwanga anadzuka m'mawa wina ali mmisiri wa nyumba, wokonza mijigo, mzamba, wozula mano, ndiponso wopalasa bwato. Mwa zonsezi anakonda za bwato, chifukwa zinabwera ndi chipewa choyera. Eni ntchito enieni anauzidwa kuti akakhale kunyumba.

Asilikali awiri anabwera padoko n'kulanda nkhafi m'manja mwa a Nachanza. Iwo sanalimbane nawo. Anangowauza kuti bwato la mbawa silifuna dzuwa, lizikhala m'madzi nthawi zonse. Asilikaliwo anavomera mwaulemu, kenako analikokera kumtunda, pamchenga wotentha, kuti a Mwayiwanga azilionera pafupi osanyowetsa nsapato.

M'mawa uliwonse a Mwayiwanga ankabwera padoko atavala chipewa chija, n'kuyang'ana mtsinje nthawi yaitali, manja ali kumbuyo. Kenako ankalengeza kuti, monga munthu puludenti, aona kuti lero si tsiku labwino lowoloka. Tsiku lina madzi anali ochuluka, tsiku lina ochepa, tsiku lina anali bwino kwambiri moti anawakayikira. Kubwalo anawayamikira kuti chiyambire ntchito sanachitepo ngozi. Kabichi ndi tomato zinaolera tsidya linalo, mabenchi a kumsika ali pululu. Amene anali ndi mkazi kutsidyako ankakambirana za m'banja mokuwa, dziko lonse likumva, ena mpaka kuthirirapo ndemanga.

A Nachanza anayamba kugulitsa mandasi pachipata cha msika, ndipo mandasi awo, kunena zoona, anali mediyoka. Mtima wawo sunali pa ufa. Masana aliwonse ankapita kudoko ndi chidebe, kuima patali monga lamulo linanenera, n'kumwaza madzi kuti mwina madontho afike pabwato. Sabata yachitatu anaona mng'alu. Unayambira kumutu kwa bwato n'kutsika mpaka pomwe bambo awo ankapondapo phazi popalasa. Tsiku limenelo a Nachanza sanadye.

Lolemba lotsatira anavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kupita kubwalo la Mfumu. Anagwada, anawomba m'manja monga mwa mwambo, n'kudikira kuti aloledwe kulankhula.

"Mwini Dziko, sindinabwerere mawu. Mawuwa ndivala mpaka kumanda ngati mwatero. Ndabwerera bwato. Likung'aluka. Ngati simufuna kuti ndilipalase, ndiloleni ndingolikankhira m'madzi."

Mfumu, imene inkalephera kutembenuza khosi chifukwa cha kulemera kwa zitsulo zake, inatembenuza maso okha kwa a Vomerani. A Vomerani anayandikira, anawerenga kachitsulo ka mayiwo, n'kumwetulira.

"Mwini Dziko, taonani kulondola kwa lamulo lanu. Palembedwa kuti mayiyu ndi sitaboni. Lamulo lamuuza kuti asiye bwato, iye wabwera kudzakamba za bwato. Palembedwanso kuti ndi rekilesi. Ndiye munthu wotereyu akati bwato liikidwe m'madzi, woganiza bwino achite chiyani?"

"Alisiye pamtunda," nduna zinayankhira pamodzi.

"Koma bwato kwawo ndi m'madzi, bwana," anatero a Nachanza.

"Mwamva? Akupitirizabe."

Bwalo linawomba m'manja, ndipo Mfumu inalamula a Pindani kuti alembe kuti lamulo la mawu layesedwa ndipo lapezeka loona. A Pindani analemba. A Nachanza anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo n'kutuluka osatsanzika. Panjira analira, kulira kwa munthu wopsa mtima amene alibe womumenya, ndipo anapukuta misozi asanafike kumsika.

Tsono ku Kwanenedwa kuli mwambo wakuti chaka chilichonse Mfumu imaika mwala wa maziko a mlatho wa pa Samvera. Mlathowo sunamangidwepo, koma miyala ya maziko inachuluka tsidya lino mpaka amayi ankachapirapo zovala. Chaka chimenecho malo anatha, ndiye bwalo linagamula kuti mwala ukaikidwe tsidya linalo. Tsiku lake anasankha ndi nduna yosadziwa kumene mvula imachokera. Linagwera pakati pa Febuluwale, kumapiri itagwa masiku anayi osakata.

Mtsinje tsiku limenelo unali wofiira, utanyamula mitengo ya nthochi yathunthu ndi denga la khola la wina. Anthu a kumsika anasiya mabenchi n'kukhamukira kudoko, aliyense akuti wabwera kudzaperekeza Mfumu. A Nachanza anakhala pa umodzi mwa miyala ya maziko ija, beseni la mandasi lili pamiyendo.

Asilikali anakankhira bwato m'madzi. A Mwayiwanga anayang'ana mtsinje, anaika manja kumbuyo, n'kuyamba kunena kuti monga munthu puludenti, koma Mfumu inawadula.

"Alamu, lero tikufuna liwu loyamba lija."

Kuti iyambe yaona mmene zikhalire, Mfumu inalamula kuti ulendo woyamba mukwere mwala ndi a Vomerani. A Mwayiwanga anagwira nkhafi ngati khasu. Analima madzi kawiri, bwato linazungulira katatu, mng'alu uja unayamba kumwa, ndipo mtsinje unawatenga n'kukawakoleka m'bango chakumunsi, tsidya lomwe lino. A Vomerani anatuluka m'matope akukwawa, nsapato imodzi palibe, n'kulengeza kuti ulendo wayenda bwino, kungoti tsidya linalo likufanana kwambiri ndi lino.

Palibe amene anaseka. Anthu a ku Tingoona saseka pamaso pa Mfumu, amangotsokomola, ndipo padoko ponse panagwa chifuwa. Tsidya linalo ng'oma zinali zitayamba kale, ovina akudikira, moti kubwerera kukanakhala manyazi a chaka chonse. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mfumu inakodola a Vomerani n'kunong'ona.

"Mayi wamakani uja ali kuti?"

Bwalo linakhala pompo, chiimirire, pamchenga. Linagamula kuti lamulo silinganame, choncho wowolotsa Mfumu ayenera kukhala kompitenti. Koma ngati munda umabwerekedwa, liwu lingakanike bwanji? Anavula a Mwayiwanga kachitsulo kawo kowala n'kuveka a Nachanza, ndipo a Pindani analemba kuti mayiwo ndi kompitenti, rilayabo ndi puludenti kuchokera tsidya lino mpaka tsidya linalo.

A Nachanza sanayang'ane n'komwe chimene anawaveka. Anapita pabwato, limene asilikali anali atalikoka kuchokera m'bango, n'kulisisita pamng'alu paja. Anang'amba mpango wawo wa kumutu, anautsindira mumng'alumo ndi nsonga ya mpeni, n'kumata ndi phula lija, limene masabata onsewa ankayenda nalo m'beseni pansi pa mandasi. Kenako anayang'ana madzi.

"Tidikire pang'ono, mitengo ikudutsayi ithe. Ndipo zitsulo za pakhosizo muvule, Mwini Dziko. Mukagwa nazo m'madzi sindingakuvuuleni."

Mfumu inavula osafunsa nduna, a Vomerani n'kuzinyamulira m'chipewa. M'bwato munakwera Mfumu, a Vomerani, a Pindani ndi buku lawo, a Mwayiwanga, ndi mwala. A Nachanza anawakhazika onse pansi, miyendo yopinda, ndipo anayamba apalasira kumtunda motsata gombe asanadule mtsinje. Pakati penipeni, pamene madzi amazungulira, bwato linapendekeka, madzi ozizira n'kulowa mpaka kunyowetsa Mfumu pokhalira. Mfumu inagwira nsonga ya chitenje cha a Nachanza.

"Mayi anga, tifika?"

"Tifika mukasiya chitenje changa. Tengani chitini icho muzikapa madzi."

Ndipo Mfumu Nditameni Wachiwiri inakapa madzi, mwakhama ndithu, osadzutsa mutu, mpaka bwato linagunda mchenga wa tsidya linalo.

Koma abale, munthu mapazi akauma sachedwa kuiwala. Itangoponda pouma, Mfumu inavalanso zitsulo zake, mapewa n'kukweranso. A Vomerani anavula a Nachanza kachitsulo kobwereka kaja n'kuwabwezera kawo. Pa mwambo wa mwala analankhula ola lathunthu, kuti ulendowo watheka chifukwa cha nzeru za Mfumu ndi mawu atatu a a Mwayiwanga, amene agwira ntchito bwino ngakhale ali pakhosi pa munthu wamba. Dzina la a Nachanza silinatchulidwe. Anthu a tsidya linalo anavina, poti ndi zimene anaitanidwira.

Dzuwa litapendeka, gulu lija linabwerera kudoko. Linapeza a Nachanza atakhala pansi pa mkuyu akudya nzimbe, nkhafi ili uko.

"Tiyeni, mayi," anatero a Vomerani.

"Kuti, bwana? Ine ndine rekilesi. Bwato sindiloledwa kuliyandikira."

"Tikubwerekaninso mawu aja."

"Zikomo, koma zobwereka ndasiya. Mundiveka kuno, tsidya mukandivula, bwato langa n'kubwerera padzuwa. Kompitenti muli naye apo, chipewa chake chauma."

A Mwayiwanga anayamba kuyang'ana mbalame m'mitengo. Mfumu inayandikira yokha, zitsulo zikulira.

"Mayi iwe, ukumudziwa amene ukumukanirayu?"

"Ndikukudziwani, Mwini Dziko. Mumakapa bwino madzi." A Nachanza analavula zotafuna za nzimbe m'dzanja n'kuziika pambali. "Ine mawu sindiwafuna. Ndipatseni bwato la bambo anga, ndi doko langa."

Apa Mfumu inagwira njakata. Kupereka bwato kwa rekilesi kunali kuvomera pamaso pa anthu kuti lamulo linalakwa, ndipo ku Kwanenedwa lamulo silinalakwepo. Kulanda mlamu mawu ake mpaka kalekale kunali kuputa Mfumukazi, ndipo Mfumu inkaopa Mfumukazi kuposa mtsinje. Kugona tsidya linalo nakonso kunali kosatheka, poti kunalibe nyumba ya malata ndi imodzi yomwe, ndipo udzudzu wakumeneko sudziwa ufumu. A Vomerani anatsegula pakamwa kuti avomere chinachake, koma panalibe choti avomere.

Amene analankhula ndi a Pindani, munthu amene nthawi yonseyi ankangolemba zonena ena. Anagwada pamchenga, buku lili kukhwapa.

"Mwini Dziko, mayiyu wakuchitirani mwano pamaso pa anthu. Ayenera chilango."

A Nachanza anasiya kutafuna. Mtima unawawa kuposa tsiku la kumsika lija, chifukwa kwa a Vomerani sankayembekezera kanthu, koma awa anali munthu wa m'bwato mwawo.

"Lamulo likuletsa kupatsa rekilesi ntchito," anapitiriza a Pindani, maso ali pansi. "Koma ndaliwerenga lonse, ndipo palibe pamene likuletsa kumupatsa chilango. Kupalasa bwato long'aluka pa mtsinje ngati uwu, dzuwa ndi mvula, m'mawa ndi madzulo, ndi ukaidi woopsa. Munthu wolemekezeka ngati a Mwayiwanga sayenera kuzunzika nazo."

"Sindiyeneradi," anatero a Mwayiwanga mofulumira.

Nkhope ya Mfumu inawala. Inakwera pamwala wa maziko uja, simenti isanaume, n'kugamula mokweza. Chifukwa cha mwano ndi makani, Delifa Nachanza apalase bwato pa Samvera masiku onse a moyo wake, popanda tchuthi. Bwato lonyansalo likhale m'manja mwake nthawi zonse kuti azichita nalo manyazi. Ndipo aliyense womulanda nkhafi kuti amupeputsire chilango, kaya ndi msilikali kaya ndi nduna, adzaona zakuda.

"Uli ndi chonena, wolakwa iwe?" inafunsa Mfumu.

A Nachanza anaweramitsa mutu. Misozi inkatsika ndithu, ndipo amene anaima patali anati ndi ya chisoni.

"Chilango chake n'chowawa, Mwini Dziko, koma ndachilandira."

Anadzuka n'kutola nkhafi yawo. Podutsa pafupi ndi a Pindani ananena motsitsa mawu kuti, "Inu aphunzitsi mukhale pakati, pouma."

Pofika Lolemba msika wa Tingoona unadzazanso kabichi ndi nzimbe. Pa ulendo wachiwiri m'mawa umenewo m'bwato munakwera mayi wina wachikulire, a Namaseko, mzamba amene theka la anthu a m'dzikomo linabadwira m'manja mwake. Anadzipanikiza kufupi ndi a Nachanza, kachitsulo kawo atakabisa m'malaya.

"Achemwali, tandithandizani nzeru. Inetu manja akuyabwa kukhala pakhomo. Kubwalo kwadzaza amisiri ndi okonza mijigo, aliyense akupempha kuti alangidwe, koma a Nduna akuti zilango zatha. Mwano wake munachita wotani?"

A Nachanza anapalasa kawiri asanayankhe.

"Mwano wokha suthandiza, achemwali. Pamafunika kuti mwini wake ayambe wafika pakati pa madzi. Kodi Mfumukazi ija akuti ili ndi miyezi ingati?"

"Isanu ndi iwiri."

"Ndipo mzamba wa m'dziko muno ndi mlongo wake wa bere limodzi."

A Namaseko anagwira pakamwa.

"Ndiye pitani mukachape nsalu zanu, muwenge ndi zikhadabo," anatero a Nachanza, akukhotetsera bwato kugombe. "Chilango chanu chatsala ndi miyezi iwiri."